Pa Mulanje konzani masiku anayi, osati awiri

Ena amati munthu anganyamuke ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kukwera Sapitwa, nsonga yake yayitali kwambiri, n'kubwerera m'masiku awiri, koma ine sindikulangizani zimenezo. Konzani anayi.

Tsiku loyamba lawirirani pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula, mupeze wolondolera njira ndi wonyamula katundu, mukagone ku nyumba ya okwera phiri ya Chambe. Ndi maola atatu kapena anayi, chitunda chokhachokha. Tsiku lachiwiri mukafike ku nyumba ya Chisepo, m'munsi mwa Sapitwa. Kukwera nsonga ya mamita 3,002 ija n'kutsika kumadya tsiku lachitatu lathunthu, ndipo chakumwamba ndi miyala yoti muzigwira ndi manja. Tsiku lachinayi ndi lotsika.

M'nyumbazi muli alonda ndi nkhuni, madzi ndi a m'mitsinje, koma chakudya mulibe. Nyamulani ufa, mpunga, usipa, mchere, machesi okulunga m'pulasitiki, tochi ndi chofunda chotentha. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka zala kuuma.

Chimene chimasocheretsa anthu ndi chiperoni. Nkhungu imatseka njira m'kanthawi kochepa, miyala n'kuyamba kuterera. Wolondolera akati tibwerere, chonde bwererani. Mumufunsenso za njira zomwe zinagumuka ndi namondwe wa Freddy mu 2023 musanasankhe kodutsa.