Inu oyenda ndi machesi m'thumba chaka cha chilala, tamverani kuno

Ana inu, ndi inunso akuluakulu anzanga amene imvi zili mbuu koma dzanja silichoka pa machesi, ndatopa kukhala chete. Ogasiti asanathe mapiri ayamba kale kufuka. Usiku ukaponya maso kuphiri umaona mzere wofiira ukukwawa, m'mawa timaphulusa ta udzu tili mbwee pa zovala zoyanika ndi m'ndowa ya madzi akumwa. Ufunse wayatsa ndani, mudzi wonse uli zii.

Kwathu kuno anyamata atatu anayatsa munda kuti mauna a mbewa aoneke. Dzuwa linali paliwombo, mphepo ikuwomba. Moto unalumpha kanjira ka kuchitsime n'kulowa pakhomo pa mayi wina wamasiye. Mitolo ya udzu imene anamweta mwezi wonse kuti afolere nyumba inapsa tikuona. Tinathamanga ndi nthambi zaziwisi ndi ndowa, koma madzi ake oti n'kuzimira moto ali kuti, pamene pamjigo anthu akugona pamzere? Nkhokwe tinaipulumutsa mbali imodzi. Chimanga chotsalacho chinanunkha utsi mpaka kuchigayo. Anyamata aja mbewa anapeza zongodzaza mpani umodzi. Mpani umodzi! Mayi uja dzinja lonse anagona atatchera mabeseni pamene pakudontha.

Mwaiwala kodi 2024? Pa 23 Malichi chaka chimenecho, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba imene inabwera ndi El Niño. Chimanga chinauma chisanamasule. Chaka chotero tchire silikhala ngati la zaka zina. Udzu umauma msanga, madambo amene ankaimitsa moto amakhala gwaa, mitsinje imasanduka mchenga. Akale anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo pa chilala tchire lotsalalo ndi denga la nyumba yanu, ndi manda a makolo anu, ndi msipu womaliza wa ng'ombe.

Tsono ndimamva ena akunyogodola kuti khonsolo ilibe mphamvu pa munda wa munthu, eti munda ngwanga, mapesi nganga, nditentha ndikafuna. Mukudzinamiza. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo, ndipo khonsolo ikati nyengo ino musayatse moto kutchire, silikhala pempho ayi. Mapesi nganu, inde, koma lawi silidziwa malire a munda. Likadutsa mzere wa khonje lija, mlandu sulinso wa inu nokha. Lamulo la nkhalango la 1997 nalonso limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa, ndipo mu 2020 analikonzanso kuti zilango zikule. Amene akuganiza kuti akangopereka nkhuku kwa mfumu nkhani yatha, akadzidzimuka ali kutsogolo kwa woweruza milandu.

Makhansala nanu musaseke. Lamulo logona m'kabati ku ofesi ya bwanamkubwa silizimitsa moto. Ambiri a inu timakuonani pamaliro ndi nthawi ya kampeni basi. Itanitsani misonkhano udzu usanaume, muuze mafumu, anyakwawa ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi kuti miyezi yoletsedwa ndi iyi, chindapusa chake ndi ichi. Ndipo chindapusacho chisamaone nkhope. Mwana wa mfumu akayatsa, alipire chimodzimodzi mwana wa munthu wobwera.

Pitani ku Chikangawa mukaone. Nkhalango ya paini ya mahekitala oposa 50,000, imene inadzalidwa kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1960, chaka ndi chaka moto umaidya, malo ena kwangotsala zitsa zakuda. Dzalanyama ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu, ndiye inu a mumzinda amene mumati za tchire n'zakumudzi, mpopi wanu umayambira kumeneko. Ku Mulanje moto ukamaliza timitengo ta mkungudza, pamafunika zaka zambirimbiri kuti wina akule.

Alimi, mapesi aja mukutentha posowa mphamvu yokwirira ndi amene akanasunga chinyontho mvula ikadula mu Januwale. Mlangizi wanena mpaka mawu kusasa. Mumagula feteleza pa mtengo wouma mkamwa, kenako n'kutentha manyowa amene munda wakupatsani ulele. Ofula njuchi, muuni wanu muuzime ndi dothi musanachoke. Osuta fodya, chotsalira chanu chipondeni. Amayi, phulusa la m'mbaula musataye kudzala likadali ndi makala amoto. Nyumba ndi nkhokwe muzilambulire kuzungulira, masitepe angapo dothi lokhalokha.

Ine kwanga ndalambula kale, ndipo adzukulu anga ndawakhazika pansi. Ndawauza kuti amene ndimuone ndi machesi kumunda ndimugwira dzanja ndekha mpaka kwa anyakwawa, ndipo mbuzi ya chindapusa sidzachokera m'khola langa.