Anyamata a njinga za madisiki, oilo pa buleki mukufuna kupha ndani?

Ndakhala ndikungoyang'ana nthawi yonseyi koma zomwe ndaona Loweruka lapitali zandikwana. Mnyamata wina amatsika msewu wa Ku Chawe uja kulowera mtauni ya Zomba pa njinga yake ya mapiri, mabuleki akulira kwiii kumveka kutali, zala wafinya mpaka kugunda handulo koma njinga osaima ayi. Mapeto ake anayamba kukhwekhwereza nsapato pa tala nkukagwera mngalande, pang'onong'ono akanawomba mayi wina amene anasenza nkhuni. Titamudzutsa ine maso anga pa gudumu lakumbuyo, disiki, chitsulo chozungulira chomwe buleki imagwira chija, yonse ili noninoni ndi oilo wakuda wa galimoto. Kumufunsa akuti mabuleki amasokosa kwambiri ndiye anathirako pang'ono kuti akhale chete. Ha! Oilo pa buleki? Mutu ukugwira koma?

Ndipo asakhale ngati ndi iye yekha, ambirinu ndi zomwezo. Mumagula njinga zodula, zina zochokera ku Joni zina za pa kaunjika, mumanyada nazo kuti yanga ndi ya madisiki, koma kasamalidwe kake ndi ka njinga ya agogo anu ya mabuleki a ndodo ija. Wina watenga oilo wopopera uja wa WD-40 akupopera tcheni gudumu likuzungulira, nkhungu yonse ija ikugwera pa disiki iye ali phee akuimba mluzu. Wina wangodya kumene chipisi cha pachiwaya, osasamba mmanja, wagwira disiki ndi zala zonse kuti aone ngati yapindika. Wina nsanza yomwe wapukutira tcheni ndi yomweyonso akupukutira disiki kuti iwale. Iwale kuti itani? Mukufuna kudziyang'anirapo nkhope? Enanso mumapita nayo kotsukitsa magalimoto, anyamata aja nkuipopera mankhwala owalitsira matayala paliponse, inu nkulipira ndalama nkuthokoza.

Inunso amakaniko a pansi pa mtengo ndikukuonani. Munthu wabwera kuti buleki sikugwira, inu mwachotsa mapadi, tizidutswa tofinya disiki tija, mwawaviika mu chitini cha palafini chomwe mumatsukira mabering'i, ena dizilo amene, kenako mwabwezera nkunena kuti bwana yatheka. Palafini si mafuta kodi? Dizilo si mafuta? Padi imamwa oilo ngati mmene chitumbuwa chimamwera mafuta mchiwaya, makamaka mapadi ofewa aja otchedwa a resin, oilo akalowa mkati walowa basi, pamwamba pooneka pouma koma ikangotentha pa mtsetse amatulukanso. Ndiye pali nzeru ina yatchuka yowotcha mapadi pa mbaula ati oilo apse. Mbali yogwira disiki ija inachita kumamatizidwa pa kachitsulo, inu mukuiika pa makala, tsiku lomwe idzamatuke muli pakati pa mtsetse wa Golomoti mutanyamula thumba la mbatata mudzaitana ndani?

Zina zimandiwawa kwambiri ndi za mabuleki a hayidiroliki, oyendera oilo wake wamkati aja. Mukuona kuti pa kalipa, kabokosi komwe mumakhala mapadi kaja, panyowa, oilo akudontha kuchokera pa mapisitoni okankha mapadiwo, inu mukungosintha mapadi, mawa anyowanso, mkuja mwasinthanso, osafunsa kuti kodi akuchokera kuti. Konzani podontha kaye! Ndipo buleki ya Shimano imafuna mineral oil, osati brake fluid wa galimoto wa DOT uja mumapempha ku galaja, ameneyo amadya timalabala ta mkati buleki yonse nkuonongeka. Zinalembedwa pa chivundikiro cha pothirira oilo pomwepo, koma kuwerenga ndiye ayi. Pothira mineral oil ameneyu mapadi amayenera akhale atachotsedwa ali patali, gudumu nalonso lichoke, nanga inu mumathira zonse zili pomwepo bwanji?

Poti mwina mudzati akuluwa amangokalipa osatiuza chochita, tamverani. Disiki ndi chitsulo, imatsukika. Pezani isopropyl alcohol, mufunse kumafamase kapena kwa okonza mafoni ndi makompyuta, mutenge kansalu koyera komwe sikanagwirepo girisi, pukutani mbali zonse ziwiri ndi mmabowo momwe mpaka kansalu kasiye kuda. Mukasowa, sopo wamadzi wotsukira mbale ndi madzi otentha, kutsukuluza bwinobwino nkuumitsa. Osati sanitaiza wa mmanja, muli glycerine mmenemo. Osatinso surgical spirit wa pa zilonda, wambiri amasakaniza mafuta a nsatsi, mukhala mukuchotsa oilo nkuikapo wina. Kalipa nayo ipukutidwe mkati mapadi musanabwezere. Mapadi ngati angokhudzidwa pang'ono pamwamba, yalani sandipepa wosalala pamalo athyathyathya nkukhulapo mpaka kuwala kuja kuchoke, kenako alcohol yemweyo. Koma ngati anamwa oilo, tayani. Ndati tayani! Mapadi ndi ndalama zingati poyerekeza ndi mano anu akutsogolo, kapena mwendo wa mwana wa eni ake amene akudutsa msewu kupita kusukulu? Ndipo musalakwitse kuika mapadi atsopano pa disiki yosatsuka, mwawapha tsiku lomwelo, ndalama mwataya kawiri.

Mukamaliza si kuti basi kulunjika kuphiri. Pezani msewu wa see opanda anthu, thamangani pang'ono nkugwira buleki mwamphamvu mpaka liwiro litsike ngati la munthu woyenda pansi, osaima kotheratu, bwerezani kakhumi kapena kupitirira, buleki imodzi payokha kenako inayo, mpaka mumve kuti yayamba kuluma. Zimenezi ndi mphindi zochepa chabe koma kwa inu ati nkutaya nthawi. Mukuthamangira kuti?

Pomwe mwagwada pamenepo yang'ananinso manambala ali pa disiki. Za Shimano analembapo 1.5 mm, kutanthauza kuti ikapyapyala kufika pamenepo yatha ntchito, ndipo padi ikatsala 0.5 mm ndi yotaya. Ine ndaonapo njinga chitsulo chikudya chitsulo chinzake, mwini wake ali mabuleki anga ngamphamvu amamveka. Akumveka chifukwa atha, mwana iwe. Madisiki ena analembanso kuti ndi a mapadi a resin okha, inu mwaikapo a chitsulo poti ndi omwe munawapeza otchipa mumsika.

Dziko lathuli ndi la mapiri. Ku Chiweta, msewu wa Golodi wotsika kuchokera ku Livingstonia ndi makona ake aja, Dedza, Zomba, ngakhale mu Blantyre momwemu kuchoka ku Ndirande kapena ku Soche, paliponse mtsetse, ndipo mmisewu yake muli ana, azimayi a malonda, mbuzi, maminibasi oima paliponse. Inu a kabaza amene mwayamba kugula njinga zimenezi ndiye mumanyamula moyo wa munthu kumbuyoko, wakulipirani kuti mukamufikitse, simunamuuze kuti dzulo munapopera oilo pa disiki. Makolo nanu mumagulira ana njinga nkuwasiya azithira chilichonse chomwe apeza mu galaja, simufunsa nkomwe. Buleki ikalira ikukuuzani kuti yada kapena yatha, inu mukuitseka pakamwa ndi oilo. Zamanyazi. Siyani zimenezo lero lomwe, ndipo njinga yosagwira buleki ikhale kunyumba.