Mwaiwala osula gogodela akumudzi

Atolankhani, mwalemba kuti Malawi sinakhalepo ndi opanga mfuti akeake. Fakitale ngati Denel ya ku South Africa, inde tilibe. Koma bwerani kuno ku Chikwawa mudzafunse za gogodela. Agogo anga ankasula makasu kuseri kwa nkhokwe, ndipo alenje ankawabweretseranso mfuti zimenezi kuti awakonzere. Ukawombera kamodzi uthirenso wonga, nguluwe itathawa kalekale! Ina inaphulikira amalume m'manja, zala ziwiri zinapita. Ma AK-47 analowa ndi nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992, gogodela anaipeza ilipo kale. Anzanga a ku Nsanje, ndikunama? Kafunseni alonda a ku Lengwe ndi Majete mfuti zimene amalanda kwa opha nyama mozemba.