Kafukufuku wa zisankho wanditopetsa

Tsiku lililonse pafoni pamabwera kafukufuku watsopano. Lero akuti uje akutsogola ndi 2 peresenti, mawa mnzakeyo "wamupitirira", atolankhani n'kulemba mitu ikuluikulu ngati dziko latembenuka. Komatu abale, ukafunsa anthu 1,000, zotsatira zimatha kuphonya ndi pafupifupi 3 peresenti, kukwera kapena kutsika. Ndiye wina 48 wina 46 si kutsogola kumeneko ayi, sizikudziwika kuti ali patsogolo ndani. Koma chenjezo limeneli amalibisa pansi penipeni, m'tizilembo toti uchite kutong'ola maso.

Chondinyansa kwambiri ndi funso lija loti "bwanji atapikisana uje ndi uje?" chisankho chidakali kutali chaka chathunthu, winayo asananene n'komwe kuti adzaima nawo. Munthu wamuimbira ali pakati pa ntchito, wangotchula dzina lomwe amalimva kawirikawiri kuti umusiye, basi imeneyo yasanduka nkhani yoti anthu atukwanizane nayo mpaka usiku. Nanga amene sanayankhe foni aja? Nanga olonjeza kudzavota koma tsikulo osatuluka m'nyumba?

Ndipo musandiuze kuti ofunsidwa akachuluka ndiye kuti zoona. Mu 1936 ku America, magazini ya Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni n'kulosera kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt pa chisankho cha pulezidenti. Mayina ambiri inawatenga m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, osauka ambiri osafunsidwa. Pa zigawo 48, Landon anapambana ziwiri zokha: Maine ndi Vermont.