Ndege yoyamba ikhale yaikulu, yopepuka ndi yodekha

Abale ambiri kuno ku Harare amene akufuna kuphunzira kuulutsa ndege za rimoti amakopeka ndi maonekedwe, ndipo amathamangira kugula kandege kofanana ndi Spitfire, ndege yankhondo yakale ya ku Britain, kapena jeti yankhondo. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kutaya ndalama, chifukwa ndege zotere zimathamanga kwambiri moti wophunzira akalakwitsa pang'ono, sapeza mpata wokonza isanagwe.

Ndege yophunzirira iyenera kukhala ndi mapiko pamwamba pa thupi lake, otukuka pang'ono kunsonga ndiponso afulati kunsi, pakuti ndege yotere ikapendama, mwini wake n'kusiya timitengo ta pa rimoti, imayamba kudziwongola yokha. Mapikowo atalike mita 1.2 mpaka 1.5, ngati mmene ilili ndege yophunzirira yotchedwa E-flite Apprentice, kuti izioneka bwino ili patali komanso isamakankhidwe chisawawa ndi mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala.

Chimene anthu ambiri a pa YouTube sangakuuzeni n'chakuti mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, makamaka dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo, choncho ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke ndipo imatera ndi liwiro lalikulu kuposa mmene ingachitire ku Durban, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja. Ndege yolemera, kapena ya mota yofooka, imene kwina amaitama kuti ndi yofatsa, kuno imavuta.

Sankhani yopangidwa ndi EPO, pulasitiki yopepuka yonga siponji yolimba, chifukwa ikathyoka imamatika ndi guluu tsiku lomwelo, pamene ya matabwa opepuka otchedwa balsa imafuna masiku angapo. Ndimakondanso imene pulopela yake ili kumbuyo kwa mapiko, monga AeroScout kapena Bixler, popeza mphuno ikagunda pansi mota imapulumuka, ndipo amene anadikirapo katundu wochokera ku Johannesburg akudziwa kufunika kwake. Mugulenso mapulopela apadera, mabatire awiri ochajidwa a mtundu wa LiPo olembedwa kuti 3S 2200mAh, ndi chaja yotha kugwira ntchito ndi batire ya galimoto, poti magetsi sachedwa kuthima.

Musanaiulutse, funsani malamulo a CAAZ, bungwe loyang'anira za ndege ku Zimbabwe, mutalikire mabwalo a ndege monga Charles Prince, ndipo mupeze katswiri wolumikiza rimoti yake ndi yanu kuti aziilanda zinthu zikavuta.