Nanga chambo ndi fisi mwaziiwala?

A mtolankhani, mwalemba kuti nsomba zina za m'nyanja zamchere zimabadwa zazimuna kenako n'kusanduka zazikazi. N'zoona, koma zitsanzo zanu zonse n'zakutali. Kuno ku Mangochi funsani asodzi a ku Malombe: chambo chachimuna chimakonza chisa mumchenga n'kumakopa zazikazi, koma mazira amaswera m'kamwa mwa chachikazi, ndipo chachikazicho chimapirira njala masabata angapo chikusunga ana ake.

Nanga fisi? Wamkazi ndiye wamkulu thupi, ndiyenso amalamulira gulu. Maliseche ake amafanana kwambiri ndi a wamwamuna, n'chifukwa chake ena amati fisi ndi mwamuna ndi mkazi pamodzi.

Inu amene mukukalipa kuti izi n'zachizungu, fisi wa ku Liwonde anaphunzitsidwa ndi mzungu uti?