Maganizo anga pa vuto la WiFi ya m'nyumba kuno ku Mulanje

Kwa miyezi ingapo tsopano abale ndi anansi kuno ku Chitakale akhala akundiitana kuti ndikaone chimene chavuta ndi WiFi yawo, ndipo pafupifupi khomo lililonse ndimapeza mlandu atagamula kale, woti yalakwa ndi kampani ya netiweki. Sindikukana kuti nthawi zina nsanja zimavuta, koma ine ndikuona kuti ambiri timasokoneza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo n'chifukwa chake ena amafika pogula simukhadi yatsopano pamene vuto lili pabalaza pawo pomwe.

Timizere ta WiFi timene timaoneka pa foni timangosonyeza mmene foniyo ikumvanirana ndi rauta ya m'nyumba, kabokosi kokhala ndi simukhadi kamene kamagawa WiFi. Mmene rautayo ikumvanirana ndi nsanja ya kampani ndi nkhani ina, ndipo imeneyi imaoneka pa timagetsi ta pa rauta penipeni. Choncho choyamba ndimaima pafupi ndi rauta n'kutsegula tsamba lililonse. Likatseguka pamenepo koma n'kukanika kuchipinda, ndiye kuti kampani ilibe mlandu. Likakanika ngakhale pamenepo, ndimafunsa kaye ngati bandulo ilipo, pakuti mafoni amene amadzikonzera okha mapulogalamu usiku amatha kuimaliza eni nyumba ali m'tulo.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi malo amene timaika rauta. Azakhali anga anaitsekera m'kabati ya pansi pa TV poopa ana, n'kuiphimbanso ndi kansalu koluka kuti isalowe fumbi, kenako n'kumadandaula kuti intaneti ya masiku ano ndi yachinyengo. Mafunde a WiFi amafooka pa khoma lililonse la njerwa zootcha limene adutsa, ndipo chitsulo, kaya ndi malata, firiji kapena chitseko chachitsulo, chimawabweza. Titaitulutsa n'kuiika pamwamba, pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu, mdzukulu wawo anayamba kuphunzira pa foni ali kuchipinda popanda kugula chilichonse. Kwa ife okhala m'tsinde mwa phiri nkhani ya zenerayi ndi yaikulu, chifukwa mafunde a netiweki sadutsa m'thanthwe, ndipo phiri limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 silingasunthidwe. Muyenera kuyesa mazenera onse mpaka mupeze limene rauta ikuwalitsa timagetsi tambiri, osangosankha limene lili pafupi ndi soketi.

Marauta ambiri atsopano amaonetsa mayina awiri a WiFi, lina la 2.4 GHz ndi lina la 5 GHz. La 5 GHz limathamanga koma silipita patali ndipo makoma amalifooketsa msanga, pamene la 2.4 GHz limafika mpaka kukhitchini yapanja ngakhale kuti ndi lochedwerapo. Ndaonapo anthu akulimbikira la 5 GHz ali zipinda zitatu kuchoka pa rauta poganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino, ndiponso ena amaliyesa 5G ya makampani a foni, pamene ndi zinthu zosagwirizana.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndikupempha kuti tichisiye. Kuzimitsa rauta, kudikira masekondi 30 n'kuyatsanso kumathandiza, makamaka magetsi akangobwera pambuyo pothima. Koma kubaya ndi singano kabowo kolembedwa kuti Reset si kuyatsanso ayi. Kumafufuta dzina la WiFi, mawu achinsinsi amene munaika, nthawi zina ngakhale APN, dzina lolowera pa netiweki ya kampani limene simukhadi imadalira kuti ilowe pa intaneti, ndipo ntchito ya mphindi imodzi imasanduka ya tsiku lonse. Rauta imene ikungozima ndi kuyaka yokha nthawi zambiri imakhala ndi adaputa (chobaya ku soketi chimene chimaipatsa magetsi) yofooka, ndipo pogula ina yang'anani kuti mphamvu yake ya magetsi (volts) ifanane ndi yolembedwa pansi pa rautayo, imene kawirikawiri imakhala 12V.

Pansi pomwepo pamalembedwanso adiresi yolowera mkati mwa rauta, monga 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1. Mukailemba pa foni, pamalo olembapo adiresi ya tsamba la intaneti, n'kulowa, mudzaona zipangizo zonse zimene zalumikizidwa. Kunyumba ina ya anthu anayi tinapeza mafoni 13, chifukwa mwana anapatsa mnzake mawu achinsinsi ndipo mnzakeyo anagawiranso anzake. Bambo a m'nyumbamo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandipempha kuti ndisinthe mawuwo mwanayo asanaweruke kusukulu.

Zonsezi zikalephera, chotsani simukhadi muiike mu foni n'kutuluka panja. Ikakanikanso kumeneko, imbirani kampani, ndipo muwauze dera lanu, nthawi imene vuto linayamba ndi mtundu wa kagetsi kamene kakuyaka pa rauta.